Masabata awiri pa boti m'gombe la Scotland nyengo yozizira: tsiku limayenda bwanji?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Nkhotakota, ndipo chino ndi chaka changa chachitatu ndikugwira ntchito ku Glasgow. Bambo wina amene ndinkagwira nawo ntchito, omwe apuma posachedwapa, ali ndi boti la matanga lotalika mamita 10. Andipempha kuti ndiwaperekeze kwa masabata awiri, kuyambira kumapeto kwa Okutobala. Akuti tidzanyamukira ku Largs, kudutsa ngalande ya Crinan, mpaka ku Oban ndi ku Tobermory. Ine ndinakulira kunyanja, kusambira ndimatha, Ilala ndinakwerapo kangapo. Koma kuzizira kwa kuno kukundiopsa. Kodi tsiku limayenda bwanji m'boti lotere, timagona bwanji, timadya chiyani, nanga ndinyamule chiyani?

Yankho: Achimwene, ulendowo musaukane, pitani. Ine ntchito ya pamadzi ndinayambira ku Monkey Bay, ndipo chibwerereni kuno gombe limene mukunenalo ndaliyenda dzuwa likuwala, ndaliyendanso chisanu chili mbuu pa zingwe. Koma zimene nyanja ya kwathu inakuphunzitsani zidzangokufikitsani pakati. Ilala imene munakwerayo anaipanga konkuno mu 1949, ku Scotstoun m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, n'kuitumiza kumudzi ili zidutswazidutswa. Chibale cha madzi a kuno ndi a kwathu chimathera pomwepo.

Inu mukuopa kuzizira. Kuzizira kuli ndi mankhwala ake: juzi, tiyi, bulangete. Chimene chimafoola munthu pa boti ndi chinyontho. Munthu wouma amapirira tsiku lonse panja kukuzizira madigiri 4. Munthu wonyowa, ngakhale kutakhala madigiri 10, pofika tsiku lachitatu amayamba kufunsa kumene kuli siteshoni ya sitima yobwerera ku Glasgow.

Taganizirani mmene botilo lilili. M'kati mwake simufika kukula kwa chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande. Makoma ake ndi opyapyala, ndipo kuseri kwake kuli madzi ozizira pafupifupi madigiri 11 m'mwezi umenewo. Mpweya umene anthu awiri mukupuma, nthunzi ya ketulo, zovala zonyowa zimene mwakoleka pakhomo, zonsezo zikakhudza khoma lozizira zimasanduka mame. Ngakhale moto wa chitofu umatulutsa madzi: kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imasiya madzi opitirira lita imodzi ndi theka mumpweya. Chaka changa choyamba ndinachita zimene Mmalawi aliyense angachite. Ndinatseka mawindo onse, ndinatseka timabowo tolowera mpweya ndi masokosi, n'kugona ndikudzitama kuti ndachenjera. Cha m'ma 3 koloko usiku ndinadzidzimuka madzi akundidonthera pamphumi. Ndinayesa boti likudontha, osadziwa kuti unali mpweya wanga womwe ukundibwerera. Pakutha pa sabata matiresi anali atada ndi nguwi kunsi kwake.

Choncho lamulo lake limamveka ngati lamisala: kukazizira, siyani potseguka. Chitseko cha padenga chikhale chotsegula mpata wolowa chala chimodzi kapena ziwiri, usiku wonse. M'mawa uliwonse ntchito yoyamba ndi kupukuta mawindo ndi denga ndi kansalu n'kukafinyira kunja, kenako kuimika matiresi kuti kunsi kwake kupite mphepo. Zovala zanu muziike m'majumbo omanga bwino, osaziunjika m'kabati yogundana ndi khoma. Ndipo mukhale ndi zovala zogonera, malaya, thalauza yofewa ndi masokosi a ubweya, zimene sizituluka panja ngakhale kutachitika chiyani. M'mawa mumazivula n'kuvalanso zadzulo zoziziritsa zija. Zimawawa kwa mphindi zisanu, koma madzulo mumakhala ndi pothawira.

Muwafunse bambowo kuti botilo amalitenthetsa ndi chiyani. Maboti ambiri kuno ali ndi hita ya dizilo, za mtundu wa Eberspächer kapena Webasto, imene imapopera mpweya wotentha ndi wouma m'kati, utsi wake n'kumatulukira kunja. Imeneyo ndiyo yabwino. Akakuuzani kuti amangoyatsa chitofu chophikira kuti m'kati mufunde, pamenepo muime nganganga. Nonse a kumudzi mukudziwa nkhani za mabanja amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni, m'mawa osadzuka. Mpweya wake ndi womwewo, carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Mu Januwale 2014 asodzi awiri anafa ali m'tulo m'boti lotchedwa Eshcol padoko la Whitby ku England, chifukwa anasiya chitofu cha gasi chikuyaka kuti awothe. M'botimo muyenera kukhala alamu yochenjeza za mpweya umenewu. Ngati mulibe, gulani nokha, mtengo wake suposa wa chakudya cha anthu awiri mu lesitilanti, ndipo mukaipereke ngati mphatso. Mutu ukayamba kuwawa nonse awiri nthawi imodzi, tulukani panja kaye, zokambirana pambuyo.

Za gasi pali zinanso ziwiri. Wa m'botolo la buluu, butane, amafooka kukazizira kufika pa madigiri 0, moto umangoti nyenyenye ketulo osawira. Wa m'botolo lofiira, propane, sasamala za chisanu. Onse awiri ndi olemera kuposa mpweya, ndiye akatayika samauluka ayi, amatsikira pansi pa boti n'kukhala pamenepo kudikira machesi. N'chifukwa chake mukamaliza kuphika mumatseka pabotolo penipeni, osati pachitofu pokha. Mukaona mwini boti akukufunsani kawiri ngati mwatseka, musamve ngati akukuyesani mwana.

Tsopano tsiku lenilenilo. Pa boti wotchi ilibe ulamuliro. Olamula ndi atatu: mphepo, madzi ndi kuwala.

Kuwala n'kochepa. Mawotchi akabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, ku Oban dzuwa limatuluka cha m'ma 7:30 ndipo cha m'ma 4:30 madzulo lapita. Boti ngati limenelo limayenda ma knot 5, ndiye kuti makilomita 9 pa ola, liwiro la munthu wopalasa njinga atanyamula matumba a makala. Mwini boti wanzeru safuna kulowa padoko lachilendo mumdima, choncho amafuna kuti pofika 3 koloko nangula akhale atatsika. Mukawerengera, tsiku labwino ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi oyenda. Kuchoka ku Crinan kufika ku Oban ndi tsiku limodzi, kuchoka ku Oban kufika ku Tobermory ndi linanso.

Madzi ndiwo adzakudabwitsani kwambiri. Kwathu nyanja imakwera dzinja likatha n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mvula ina. Kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, ku Oban kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita atatu. Madzi onsewo akamadutsa pakati pa zilumba amathamanga ngati Shire pa Kholombidzo. Mukangotuluka pa Crinan pali mpata wotchedwa Dorus Mòr pomwe amafika ma knot 8. Boti lanu limatha 5 kapena 6. Mukapita nthawi yolakwika injini imalira, inu n'kumabwerera m'mbuyo mukuyang'ana mwala womwewo. Chakumadzulo pang'ono, pakati pa zilumba za Jura ndi Scarba, kuli Corryvreckan komwe madzi amazungulira ngati mphika wowira, ndipo kumeneko m'nyengo imeneyi palibe chokachita. Ndiye bambowo akadzati tinyamuka 6:40 kusanache, kapena tikhala mpaka 11 koloko dzuwa likuwala bwinobwino, sikuti ndi nkhanza kapena ulesi. Awerenga kabuku ka nthawi za madzi.

Mphepo ndiyo ili ndi mawu omaliza. M'mawa ndi madzulo mudzamva wailesi ya VHF ikulankhula, alonda a m'gombe akuwerenga zanyengo, ndipo chigawo chanu mukadutsa ngalande chidzakhala cha "Mull of Kintyre to Ardnamurchan Point". Mphamvu ya mphepo amaitchula ndi manambala. 4 ndi yokoma. 6 ndi mwera wa mu Julayi umene umakhazika asodzi a ku Nkhotakota pamchenga akusoka maukonde. 8 ndi namondwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mwera umadziwika kochokera ndi nyengo yake, pamene kuno anamondwe amabwera motsatizana kuchokera ku Atlantic, ndipo mphepo imatha kutembenuka usiku umodzi, pamene munabisala pabwino n'kusanduka poyera. Pa masiku 14 anuwo, musadabwe anayi kapena asanu mukawathera padoko, mvula ikumenya denga, zingwe zikulira pamlongoti. Anthu ambiri amene amadana ndi ulendo wotere amadana nawo chifukwa cha masiku amenewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyamulani mabuku awiri, ndipo ngati muli ndi kabawo kakang'ono kopinda, kaphunzitseni mzunguyo.

Pa tsiku loyenda, ntchito yeniyeni ndi yochepa: kumasula zingwe, kukweza thanga, kugwira chiwongolero, kuyang'anira zombo zonyamula anthu za kampani ya CalMac zimene zimadutsa pakati pa Oban ndi chilumba cha Mull komanso zingwe za misampha ya nkhanu zimene zikakulunga pulopela tsiku latha. Vuto lake n'lakuti mumakhala pansi osasuntha, mphepo ikukuombani. Woyenda pansi thupi limadzitenthetsa lokha, wokhala pachiwongolero amazizira kuyambira kumapazi. Muzisinthana ola lililonse, wina alowe m'kati akafunde. Fulasiki mudzaze musananyamuke, chifukwa kuwiritsa madzi boti likuvina ndi ntchito ina.

Zovala zake, jinzi ndi malaya a thonje musiye ku Glasgow. Thonje likanyowa siliuma, limangokumatirirani. Pathupi valani zopyapyala za ubweya kapena zamasewera zija zouma msanga, pamwamba pake juzi imodzi kapena ziwiri, kunja jekete ndi thalauza zosalowa madzi. Zoterezi za pa boti n'zodula, koma eni maboti ambiri amakhala ndi zapadera zobwereketsa alendo, funsani musanawononge ndalama. Majombo a mphira akhale okulirapo kuti mulowe masokosi awiri zala n'kumasunthabe, nsapato yothina ndiyo imaziziritsa. Chipewa cha ubweya mutenge ziwiri, chimodzi chidzapita ndi mphepo. Magolovesi abwino koposa amene ndawapeza ndi otchipa a mphira okhala ndi ubweya m'kati, amene asodzi amagula m'masitolo a padoko. Musaiwale Vaseline, chifukwa mchere ndi mphepo zimang'amba milomo ndi zala, khungu lathuli n'kutuwa ngati wagona paphulusa.

Pali mawu awiri m'kalata yanu amene andidetsa nkhawa: kusambira ndimatha. Ndikukhulupirira. Koma munaphunzirira m'madzi a madigiri 24 mpaka 28. Madzi osafika madigiri 15 amachita china pathupi chimene luso silingaletse. Mukangogweramo, chifuwa chimakoka mpweya chokha mwadzidzidzi, ndipo ngati mutu uli pansi mwakoka madzi. Kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mumapuma mwawefuwefu osatha kudziletsa. Pakatha mphindi khumi zala sizigwiranso chingwe. A bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI amalangiza kuti munthu asayambe ndi kusambira, agone chagada atatambasula manja ndi miyendo mpaka kupuma kukhazikike. Choncho jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse muli panja, lamba wake wodutsa pakati pa miyendo atamangidwa, apo ayi imakwera n'kukuvulani m'madzimo. Nyanja ikavuta mumadzikoleka ku boti ndi lamba wachitsulo kumapeto. Kukodzera m'mbali mwa boti, chizolowezi cha amuna tonse a kunyanja, musiyiretu. Ndipo dziwani kuti ambiri sagwera pakati pa nyanja. Amagwera padoko, usiku, pochokera kukasamba kapena kukamwa kamodzi, matabwa oyendapo atachita chisanu, kapena potsikira m'kabwato kamphira kopitira kumtunda. Tsiku loyamba lomwe, bambowo akuonetseni kuyatsa injini, kutsitsa matanga ndi kuitana chithandizo pa tchanelo 16 ya wailesi ya VHF ija. Muli awiri okha, ndipo akagwa iwowo wotsala ndi inu.

Za mseru musachite manyazi, umagwira ndi akatswiri omwe, ndipo kuzizira ndi njala zimaukulitsa. Mapiritsi a Stugeron amapezeka m'mafamase, amwedwe maola awiri musananyamuke. Ukakuyambani musathawire m'kati, khalani panja, gwirani chiwongolero, maso kumapiri.

Chakudya ndicho chimasunga mtendere. Thupi limadya kwambiri pozizira, ndipo mudzadabwa ndi njala yanu. M'mawa phala la oats, masana supu ya m'fulasiki ndi buledi, madzulo mphika umodzi wa chilichonse chotentha. Chitofu chake chimalendewera kuti mphika ukhale chilili boti likapendama, koma madzi owira ndi oopsabe, ndiye kuphika kwenikweni kumachitika mutaima. Nsima imatheka. Ine ndimanyamula ufa makilogalamu awiri, mthiko wanga ndi kathumba ka usipa wouma. Kungoti nthunzi yake ndi yambiri, muzitsegula chitseko pophika, ndipo usipa muyambe mwapempha, chifukwa fungo lake m'boti lotseka limagona masiku atatu. Mphika muuviike ndi madzi a m'nyanja, abwino mungotsukuluzira. Thanki ya madzi ndi yaing'ono, ndipo m'nyengo yozizira madoko ena amatseka mipopi poopa kuti mapaipi angaphulike ndi chisanu.

Kusamba tsiku lililonse, kumene ife tinaleredwa nako, kuiwaleni. Mudzasamba mukafika padoko lokhala ndi mabafa, monga ku Tarbert, ku Oban kapena ku Tobermory, mwina pakatha masiku atatu. Masiku enawo ndi ketulo imodzi, beseni ndi kansalu. Chimbudzi ndi chopopa ndi dzanja, chili ndi timipopi tofunika kutsegula ndi kutseka, ndipo chimatsekeka ndi kanthu kakang'ono. Funsani kagwiritsidwe kake musanachifune. Safunsa anadya phula, ndipo pano phula lake ndi kumasula paipi ya chimbudzi m'mawa kukuzizira, mwini wake akukuyang'anani.

Usiku ndi wautali, maola 14 kapena kuposa. Magetsi onse amachokera m'mabatire a 12 volts, ndipo hita, nyali ndi mafoni zonse zimayamwa momwemo. Sola m'mwezi umenewo ili ngati chokongoletsera chabe. Padoko mumalumikiza waya kumtunda n'kupuma, koma mukagona pa nangula mumawerengera nyali iliyonse ngati mayunitsi a kumapeto kwa mwezi. Ambiri amazimitsa hita pogona. Thumba logonamo lokhuthala, chipewa kumutu ndi botolo la madzi otentha kumapazi zimakwanira. Tulo ta pa nangula n'topepuka. Tcheni chimakukuta pamiyala, mphepo ikasintha boti limatembenuka, ndipo pansi pa nyanja ya kuno pali ndere zazitali zimene nangula amatha kukola m'malo mwa matope n'kuyamba kukhwekhwereka. Mukamva bambowo akutuluka ndi tochi 2 koloko usiku, dzukani muvale, ngakhale asanakuitaneni.

Kukhala awiri m'kachipinda kotere kumafuna ulemu wa mtundu wina. Chilichonse chili ndi malo ake, ndipo chimene mwasiya patebulo chidzakhala pansi boti likapendama. Anthu a kuno akakhala chete sikuti akwiya. Bambowo akhoza kutha maola awiri osanena kanthu akusangalala kwambiri. Koma pokocheza kapena potembenuza thanga adzalankhula mwachidule ndi mokweza, opanda "chonde". Musazitengere kumtima. Za ndalama za dizilo, chakudya ndi zolipira padoko mukambirane musananyamuke.

Ngalande ya Crinan ndi tsiku lokoma la ulendo wonse, ngati mudzaipeze yotsegula. Inatsegulidwa mu 1801, ndi yotalika makilomita 14 kuchokera ku Ardrishaig, ndipo ili ndi maloko 15, timadamu ta zitseko tokwezera ndi kutsitsira boti. Zitseko zambiri n'zokankha ndi msana, ndiye tsiku limenelo lokha mudzatuluka thukuta. Koma nyengo yozizira ndi imene amakonda kuitseka kuti aikonze, choncho a Scottish Canals, oyang'anira ngalandeyo, afunsidwe masiku enieni, a popita ndi a pobwerera omwe. Ikakhala yotseka, njira ina ndi yozungulira nsonga ya mtunda yotchedwa Mull of Kintyre, ndipo imeneyo si ya munthu woyamba kumene mu Novembala. Zikatero musaumirire Tobermory. M'chigawo cha nyanja cha Clyde momwemo, kumene kuli Largs, ku Kyles of Bute, ku Loch Fyne ndi ku Arran, muli malo obisika okwanira masabata awiri.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu amavutikiranji chonchi. M'chilimwe madoko amenewa amadzaza, ndipo tizilombo touluka ta kuno, tating'ono kuposa udzudzu, timaluma mpaka munthu kulira. Mu Novembala mulibe. Mumaima m'kagombe nokhanokha, nsonga za mapiri zitayera, katumbu akusaka nkhanu m'miyala. Ku Mull mudzaona ziwombankhanga za mchira woyera, abale ake a nkhwazi ya kwathu koma zokulirapo. Usiku wopanda mitambo nyenyezi zimachuluka ngati za ku Likoma magetsi atazima, kungoti zaima mwina.

Musanavomere tsiku, kaoneni botilo ku Largs Loweruka lina. Kagonemo usiku umodzi lili padoko, muyatse hita, muone ngati alamu ija ilimo, muyese jekete imene adzakubwerekeni. M'mawa mwake mupisitse dzanja kunsi kwa matiresi.